Maere Achilungamo Amayambira pa Mndandanda

Pa 1 Meyi 2011 boma la United States linatulutsa zotsatira za maere a viza amene ambiri amangowatchula kuti a Green Card. Anthu oposa 14 miliyoni a m'maiko osiyanasiyana, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali momwemo, anali atalembetsa pa intaneti chakumapeto kwa 2010. Pafupifupi 22,000 anayang'ana msanga n'kupeza kuti mwayi wawagwera. Chimwemwe chawo sichinakwane masabata awiri. Pa 13 Meyi boma lomwelo linalengeza kuti zotsatira zonse zafafanizidwa, maere achitikanso.

Panalibe wakuba, panalibenso wolandira chiphuphu. Pulogalamu ya kompyuta ndiyo inalakwitsa. Kalembera anatenga mwezi wathunthu, koma mwa anthu 100 alionse osankhidwa, oposa 90 anali olembetsa masiku awiri oyambirira, pa 5 ndi 6 Okutobala. Amene analembetsa sabata yachiwiri kapena yachitatu, dzina lake linalimo ndithu m'kaundula, koma mwayi wake unali utatheratu iye osadziwa. Ena mwa ouzidwa kuti apambanawo anakasuma kukhothi ku Washington, koma woweruza Amy Berman Jackson anawakanira: lamulo likufuna kusankha kopanda kukondera, ndipo zimene zinachitikazo sizinafike pamenepo. Zotsatira zatsopano zinatuluka pa 15 Julayi.

Nkhaniyi ikukhudza aliyense wogawa chinthu chochepa kwa anthu ambiri modalira mwayi: kampani ya mafoni yopereka galimoto, wayilesi yogawa mayunitsi, sitolo yolonjeza foni kwa oitsatira pa Facebook, ngakhale mpingo wochita maere a mbuzi pofuna ndalama zamalata. Ife oonerera maso athu amakhala pa dzanja lopisa m'chidebe. Komatu pofika mphindi imeneyo zambiri zimakhala zitagamulidwa kale: maina amene alowa, amene atsala kunja, ndi mmene olowawo asakanizidwira.

Maere sadziwa woyenera

Maere alibe maso. Amatha kutola mmodzi pakati pa ambiri, koma sangazindikire ngati wotoledwayo anayenera kukhalapo. N'chifukwa chake anthu amene agwiritsa ntchito maere pa zinthu zikuluzikulu amayamba ndi kusefa. M'mutu woyamba wa Machitidwe a Atumwi, pofuna wolowa m'malo mwa Yudasi, panali anthu pafupifupi 120, koma maere sanachitike pa onsewo. Petro anayamba waika muyezo: akhale munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane kufikira tsiku limene Yesu anakwera kumwamba. Anaimikidwa awiri okha, Yosefe wotchedwa Barsaba ndi Matiya, ndipo maere anagwera Matiya.

Mpingo wa Coptic ku Egypt ukutsatabe njira yofananako. Papa Shenouda III atamwalira mu Malichi 2012, panaperekedwa maina 17. Komiti inawasefa kutsala 5, kenako oponya voti oposa 2,000 anasankhapo 3. Pa 4 Novembala, m'tchalitchi chachikulu cha St Mark ku Cairo, maina atatuwo anaikidwa m'chikho chagalasi, ndipo mnyamata womangidwa nsalu kumaso anatulutsa limodzi, la Bishopu Tawadros, amene anakhala papa wa nambala 118. Kusefa kunatenga miyezi, kutulutsa dzina kamphindi chabe.

Ku Athens wakale, zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, khonsolo ya anthu 500 ndi oweruza milandu ankasankhidwa ndi maere. Nzika yofuna kuweruza inali ndi kachitsulo kolembedwa dzina lake, kamene kankalowetsedwa m'timipata tosemedwa pamwala m'mizeremizere. Timipira toyera ndi takuda tikamatuluka m'kapaipi ka m'mbali, ndito tinkagamula mzere wotengedwa ndi mzere wosiyidwa. Anthu amenewa anali ndi kusefa kwachiwirinso. Wogweredwa maere a udindo ankayamba wafunsidwa pagulu asanagwire ntchito: bambo ake ndani, kwawo n'kuti, manda a makolo ake ali kuti, amasamala makolo kapena ayi, amakhoma msonkho, anapitako kunkhondo. Wolephera ankabwezedwa. Kusefa kuwiri kumeneku, kwina maere asanachitike, kwina atachitika, ndiko kukugwirabe ntchito mpaka m'mipikisano ya pa intaneti.

Lamulo liyambe, maina atsatire

Maere a Green Card anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1990, limene linaika maviza 55,000 pachaka. Chimene chawapatsa mphamvu n'chakuti muyezo wake umalengezedwa kalembera asanatsegulidwe. Dziko limene anthu ake oposa 50,000 asamukira ku America pa zaka 5 zapitazo silimaloledwa. Ndi mmene Nigeria inatulukira kuyambira maere a 2015, kukapeza Mexico, India ndi Philippines zimene zinali kale kunja. Palibe dziko lotenga zoposa 7 pa maviza 100 alionse. Wolembetsa akhale womaliza sekondale, apo ayi akhale atagwira zaka 2, mwa zaka 5 zapitazo, ntchito yofuna kuiphunzira zaka zosachepera 2. Chithunzi chikhale chojambulidwa m'miyezi 6 yapitayo. Atchule mkazi kapena mwamuna wake ndi ana onse osakwatira osafika zaka 21, ngakhale amene sadzapita nawo. Lamulo lalikulu ndi ili: munthu mmodzi, dzina kamodzi. Wolembetsa kawiri samuchotsera dzina limodzi n'kumusiyira linalo. Amachotsedwa kotheratu, ndipo makompyuta amafananitsa nkhope za pa zithunzi pofuna kugwira otere. Ena amagwera pomwepa osadziwa: analembetsa okha, kenako dobadoba amene anamupatsa chithunzi n'kuwalembetsanso.

Kuuma kwa lamuloli kumamveka tikawerengera. Tiyerekeze kuti sitolo ikupereka foni imodzi ndipo anthu 100 alowa kamodzikamodzi. Aliyense mwayi wake ndi 1 pa 100. Ndiye mmodzi mwa iwo alowetse dzina lake ka 50. Timapepala tikhala 149, ndipo 50 ndi take. Mwayi wake wafika pafupifupi pa 1 mwa 3, pomwe wa aliyense wa anzake 99 aja watsikira pa 1 mwa 149. Mwini sitolo sanataye kanthu, foni inali yopereka kale. Aberedwa ndi anthu amene anatsata lamulo.

Pa intaneti chinyengo chimenechi n'chosavuta. Munthu mmodzi amatsegula maakaunti khumi, wina ali ndi masimu asanu, winanso amagwiritsa ntchito pulogalamu yolowetsa maina usiku wonse iye ali mtulo. Facebook nayo siyang'anira zimenezi. Malamulo ake amaika udindo wonse wa mpikisano pa wouchititsa. Choncho wochititsa mpikisano alembe zonse asanalandire dzina ndi limodzi lomwe: ololedwa ndani, azaka zingati, a dera liti, amalowa bwanji ndiponso kangati, kutseka n'tsiku liti, ola lanji, ndipo ola la kuti, poti m'Disembala ikamakwana 12 koloko usiku ku Lilongwe, ku London imakhala 10 koloko, mphoto yake n'chiyani, maere adzachitika liti, wopambana ali ndi masiku angati oti adzionetse. Lamulo limene silinalembedwe poyamba lisabadwire pakati. Mukaona wochititsa mpikisano akutulukira muyezo watsopano dzina litatuluka kale, dziwani kuti akusankha yekha, maere angokhala chophimba.

Ntchito yosefayo si yapamwamba, koma imafuna kudekha. Nthawi yotseka ikakwana, maina onse amakoperedwa pamndandanda umodzi, ndipo mndandandawo sukhudzidwanso. Pa dzina lililonse pamalembedwa nthawi imene linalowa, ngati lavomerezedwa, ndi chifukwa chake ngati lachotsedwa: lafika mochedwa, labwerezedwa, mwini wake sanachite zimene zinafunsidwa, ndi wa kunja kwa dera. Dzina lisachotsedwe popanda chifukwa cholembedwa, ndipo wachiwiri aone maina ochotsedwawo.

Wachiwiriyo amafunika chifukwa wosefa naye amalakwa. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo kupeza anthu atatu osadziwana a dzina loyamba ndi lachiwiri lofanana si chachilendo. Wochotsa maina pongoona kufanana kwa zilembo amalanga osalakwa. Komanso m'nyumba zambiri foni ndi imodzi: mayi alowa, mwana wamkulu naye alowa pa nambala yomweyo. Kodi mpikisanowo ukuwerenga anthu kapena manambala? Yankho lililonse n'lotheka, bola linenedwe poyamba. Kuchotsa woyenera n'kulakwa kofanana ndi kulowetsa wosayenera, kungoti wochotsedwayo kawirikawiri sadziwa n'komwe, ndiye sadandaula.

Wa m'nyumba akhale kunja

Pafupifupi mpikisano uliwonse wolongosoka umaletsa ogwira ntchito pakampanipo ndi abale awo. Lamuloli silinabadwe chifukwa cha nsanje. Pa 24 Epulo 1980, maere a tsiku ndi tsiku a m'chigawo cha Pennsylvania anaonetsedwa pa kanema monga mwa nthawi zonse, ndipo panatuluka 666. Timipira take tinali topepuka, touluzidwa ndi mpweya m'makina. Koma anthu ena anali atabaya timipira tonse ndi jakisoni wa penti yoyera, kusiya ta 4 ndi 6 tokha, kuti tinato tilemere tisakwere. Motero manambala otheka anatsala 8 okha m'malo mwa 1,000, ndipo achiwembuwo anagula matikiti ambiri a manambala amenewo. Wotsogolera chiwembucho anali Nick Perry, muulutsi yemweyo amene ankaonetsa maerewo. Anthu ambirimbiri anaonerera ndi maso awo, koma chinyengo chinali chitachitika kamera isanayatsidwe.

Makompyuta sanathetse vutoli. Eddie Tipton anali mkulu woteteza makompyuta ku Multi-State Lottery Association, bungwe loyendetsa maere a zigawo zingapo za America. Anabisa malangizo m'pulogalamu yotulutsa manambala, kuti pa masiku ena ochepa pachaka manambalawo azitha kuloseredwa. Mu Disembala 2010 tikiti yogulidwa m'sitolo ina ku Des Moines, m'chigawo cha Iowa, inapambana madola 16.5 miliyoni. Iye sakanatha kukatenga yekha, poti ogwira ntchito ngati iye anali oletsedwa kusewera. Anthu ena anayesa kukatenga ndalamazo osaulula wogula tikitiyo, koma akuluakulu a maere ku Iowa anakana kupereka asanamudziwe. Kanema wa m'sitolo ija woonetsa wogula tikitiyo ataulutsidwa, anthu anazindikira kuti ndi Tipton, ndipo mu 2017 anagamulidwa kukhala kundende mpaka zaka 25. Chimene chinamugwetsa ndi funso wamba la osefa lija: wopambanayu ndani, ndipo anali wololedwa?

Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Maiko ena anasankha kuti asafike n'komwe pamkhatepo. Ku South Africa, gawo 36 la lamulo loteteza ogula la mu 2008 limaletsa kupereka mphoto kwa akuluakulu a kampani yochititsa mpikisano, ogwira ntchito ake ndi nthumwi zake. Malamulo otsatira gawoli amafunanso kuti munthu wapadera, monga loya kapena wowerengera ndalama, ayang'anire mpikisanowo, ndi kuti zolembedwa zake zisungidwe zaka 3. Ku Malawi masewera a mwayi ndi maere amayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wofuna kuchititsa mpikisano wokopa makasitomala ayambe wafunsa kumeneko.

Kusakaniza si kugwedeza kokha

Mndandanda ukayera, pamatsala kusakaniza, ndipo apa ndi pamene anthu oona mtima amapunthwa. Pa 1 Disembala 1969, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, boma la America linachita maere osankha anyamata opita ku usilikali. Masiku onse a pachaka, 366 kuphatikizapo 29 Febuluwale, analembedwa pa timapepala n'kutsekeredwa m'timapulasitiki tobulungira. Tsiku lotuluka koyamba linkalandira nambala 1, ndipo anyamata obadwa tsiku limenelo pakati pa 1944 ndi 1950 ndiwo ankayamba kuitanidwa. Loyamba kutuluka linali 14 Sepitembala.

Taonani mmene anakonzera. Anayamba kuika masiku a Januwale m'bokosi lamatabwa. Anathiramo a Febuluwale n'kusakaniza ndi a Januwale aja, kenako a Malichi, mpaka Disembala. Motero a Januwale anasakanizidwa ka 11, a Disembala kamodzi kokha. Bokosilo linagwedezedwa, zonse n'kukhuthulidwira m'mtsuko wakuya wagalasi, ndipo otola ankatenga kwambiri zapamwamba. Oonerera pa kanema sanaone cholakwika. Odziwa masamu ndiwo anachiona atawerengera mwezi ndi mwezi. Kukanakhala kusakaniza kwenikweni, nambala yapakatikati ya mwezi uliwonse ikanakhala pafupi ndi 183. Koma ya Januwale inali 201, ya Malichi 226, ya Novembala 149, ya Disembala 122. Amene anaitanidwa anali a manambala 1 mpaka 195, kotero mnyamata wobadwa mu Disembala anali pangozi yaikulu kuposa mnzake wobadwa mu Malichi. Chaka chotsatira boma linasintha: ng'oma ziwiri zozungulira, ina ya masiku, ina ya manambala, ndipo dongosolo loikiramo linakonzedwa ndi akatswiri a National Bureau of Standards.

Zomwezi zimachitika pabwalo la sukulu. Timapepala tomaliza kuponyedwa timakhala pamwamba. Kapepala kakakulu kapena kopindidwa mosiyana kamagwirika msanga, ndipo ochenjera amadziwa kukafinya kuti kamveke m'zala. Timapepala tikhale tofanana kukula, topindidwa mofanana, m'chidebe chokhala ndi malo okwanira kuti titembenuzike. Pa foni napo, kuyendetsa maina ndi chala n'kuima pamene mtima wakonda si maere. Maina ena amaonekera pamwamba chifukwa makina anawaika pamenepo, ena sanatsegulidwe n'komwe. Njira yabwino ndi kupatsa dzina lililonse lovomerezedwa nambala yake, kuyambira 1 mpaka lomaliza, kenako kutola nambala.

Maere amene aliyense angawabwereze

Funso lotsala n'lakuti, ndani akutsimikiza kuti wotola nambalayo sanatole kasanu mseri mpaka patatuluka mlamu wake? Kanema wojambulidwa kale satsimikiza kanthu, poti amatha kujambula kambiri n'kuonetsa amene wamukomera. Kuchita maere pamaso pa anthu, kapena kuulutsa pompopompo mboni yapadera ilipo, n'kwabwinoko.

Pali njira ina yoposa apa, yochokera kwa akatswiri amene amakonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, a bungwe la IETF. Chaka chilichonse amasankha anthu 10 a komiti yosankha atsogoleri, kuchokera mwa odzipereka. Amayamba kusefa odziperekawo poona ngati akhala akutenga nawo mbali mokwanira. Kenako amafalitsa mndandanda wonse, dzina lililonse ndi nambala yake, n'kupereka masiku oti wodandaula adandaule. Amalengezeratunso kumene manambala osankhira adzachokere, monga zotsatira za maere a maiko ena zimene zidzatuluke pa tsiku lakutilakuti m'tsogolo. Palibe angazidziwiretu, ndipo wa m'bungwemo sangazisinthe. Zikatuluka, zimalowetsedwa m'masamu amene njira yake inasindikizidwa mu 2004, ndipo aliyense wokhala ndi kompyuta angawerengere yekha n'kupeza maina 10 omwewo. Sapempha munthu kuti awakhulupirire. Amamupatsa zoti aone yekha.

Sitolo yaing'ono ingatengerepo mfundo yake popanda masamu ovuta. Mndandanda wa manambala utuluke tsiku limodzi kapena awiri maere asanachitike, kuti amene dzina lake lasowa alankhule nthawi ilipo. Poteteza anthu, pasaikidwe manambala a foni athunthu. Dzina ndi manambala atatu omaliza n'zokwanira kuti munthu adzizindikire. Chiwerengero cha olowa, ochotsedwa ndi otsala chinenedwe poyera. Njira yotolera inenedweretu, ndipo ichitike kamodzi.

Dzina likatuluka, kusefa kwachiwiri kumayamba. Wopambana aonetse chiphaso, zaka zake zitsimikizike, ndipo afufuzidwe ngati si wa m'nyumba. Ena amagwa apa, n'chifukwa chake maere a Green Card amasankha anthu ochuluka kuposa maviza amene alipo, ndipo kusankhidwa si kulandira viza: wosankhidwa amakafunsidwabe ku ofesi ya kazembe, mapepala ake a sukulu ali m'manja. Mpikisano waung'ono nawo utole maina awiri kapena atatu apambali pa nthawi yomweyo, pamaso pa mboni zomwezo, motsatana bwino. Woyamba akalephera kapena akapanda kupezeka m'masiku olonjezedwa, mphoto ipite kwa wachiwiri popanda kukachitanso maere kuseri.

Pa nthawi imeneyi mpamene akuba amalowerera. Amatsegula akaunti ya dzina lofanana ndi la sitolo, kapena kuimba foni, n'kuuza anthu kuti awina koma atumize kaye ndalama yoyendetsera mphotoyo. Wochititsa mpikisano anene poyambirira njira imodzi yokha imene adzadziwitsire wopambana, ndi kuti sadzapempha ndalama kapena nambala yachinsinsi ya munthu. Boma la America limachita chimodzimodzi: silitumiza kalata kapena imelo youza munthu kuti wasankhidwa, wolembetsa amakaona yekha ndi nambala imene anapatsidwa polembetsa.

Zonse zikatha, mapepala asatayidwe: malamulo monga analengezedwera, mndandanda woyamba, maina ochotsedwa ndi zifukwa zake, umboni wa tsiku la maere, ndi siginecha ya wolandira mphoto. Wopambana sadzawafunsa mapepala amenewa. Amasungidwira anthu 99 aja. Mmodzi wa iwo akabwera kudzafunsa, athe kuonetsedwa kuti dzina lake linali nambala 64, linalowa m'chidebe limodzi ndi ena onse, ndipo inatuluka ndi nambala 17. Munthu woyankhidwa chotero amabwerera wopanda foni, koma sakanena kumsika kuti zinali zokonzeratu, ndipo mpikisano wotsatira adzalowanso.